Momwe ikuyendera ntchito yokonza nyumba ya matope ku Devon

MALICHI

Chilolezo cha khonsolo chatuluka tsopano, ntchito tayamba. Kwa amene simunamve, gulu lathu la amisiri lapeza kontirakiti yokonza nyumba ina yakale kwambiri m'kamudzi kena kufupi ndi tawuni ya Crediton kuno ku Devon, kummwera chakumadzulo kwa England, nde ndati ndizilemba mmene zikuyendera chifukwa anzanga omanga kumudzi amandifunsa pafupipafupi kuti aise kodi kumeneko amamanga bwanji. Nyumba iyi abale ndi ya matope, denga lake ndi la udzu, ndipo akatswiri amene anabwera kudzaiona akuti mbali yake yakale inamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400. Anthu akugonamo mpaka lero, magetsi alimo, intaneti ilimo.

Mamangidwe ake kuno amati cob. Ndi dothi lapansi lija, osati lakuda lapamwamba lolimapo ayi, amasakaniza ndi mapesi a tirigu ndi madzi, kale ankapondetsa ng'ombe. Palibe chikombole, palibenso matabwa otchingira m'mbali monga timachitira pa nyumba ya mdindo, iwo ankangonyamula matopewo ndi foloko kuwunjika pakhoma, wina ali pamwamba kumaponda, akafika mwina masentimita 60 amasiya kaye kuti ziume, kenako amasema m'mbali kuti muwongoke n'kuyambanso mzere wina. Pomwe pulasitala wagwa mizere imeneyo ikuoneka bwinobwino, mutha kuwerenga kuti anthu aja anapumula kangati. Khoma ndi lonenepa, masentimita 60 kapena kuposa, makona ake ndi ozungulira, mawindo ang'onoang'ono olowa mkati. Dothi la dera lino ndi lofiira ngati katondo wa kwathu. Koma chinthu chimodzi ndachiyang'ana kwambiri: matope sanayambire pansi. Pansi anayamba ndi miyala kufika cha m'bondo, matope anayambira pamwamba pa miyalayo. Ndipo denga linatuluka kwambiri kunja moti madzi ogwa padenga amakagwera kutali ndi khoma.

Za malamulo. Nyumbayi ili pa mndandanda wa nyumba zotetezedwa, amati listed building, ndipo ili mu Grade II. Magulu alipo atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, Grade I ndiye yapamwamba kwambiri, mndandandawo amasunga ndi a Historic England, bungwe la boma loyang'anira nyumba ndi malo akale, ndipo zoposa 90 pa 100 zilizonse zili mu Grade II momwemu. Pafupifupi nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1700 imene sinasinthidwe kwambiri imalowa. Lamulo lake ndi la 1990 ndipo silisewera, olo nyumba ndi yako unagula ndi ndalama zako, kuchotsa windo lakale kapena kugumula khoma lamkati popanda chilolezo ndi mlandu wa kukhoti, ndipo mmisiri amene wagwira ntchitoyo naye amalowa nawo. Nde kapitawo wathu watiuza kuti chilichonse chimene simukuchidziwa musachikhudze, jambulani kaye muitane.

EPULO

Mwezi uno wonse tathera pa khoma lakumadzulo, mbali yomwe mvula ndi mphepo zimamenya. Vuto lenileni la nyumbayi lili pamenepa. Zaka zapitazo, mwina m'ma 1970, wina anapaka pulasitala wa simenti khoma lonse kuchokera pansi mpaka kudenga, pamwamba n'kuthirapo penti wa pulasitiki uja. Cholinga chinali chabwino, ankafuna kutchinga mvula. Koma khoma la dothi limayenda pang'onopang'ono ndi nyengo pomwe simenti ndi youma gwa, nde inang'aluka timing'alu ting'onoting'ono, madzi ankalowa pa timing'aluto koma potulukira analibe. Zili ngati kuthira chimanga chosauma m'thumba la pulasitiki n'kumanga kukamwa.

Sitikugwiritsa mashini ogumulira, tikuchotsa ndi hamala ndi chizulo pang'onopang'ono, ndipo sitichotsa khoma lonse nthawi imodzi chifukwa malo ena simentiyo ndi imene yakhala ikugwira dothi, mukangoichotsa yonse khoma likhoza kukhala pansi. Tayamba taimika zitsulo zochirikizira mitanda yamkati, kenako kumatsegula kachigawo kamodzi, kusiya, kutsegula kena patali.

Kumtunda dothi lili bwino, louma, mukaligogoda limalira, mapesi a tirigu a zaka mazanamazana akadali achikasu. Koma mmunsi pamwamba penipeni pa miyala paja ndinapisa dzanja, zala zinalowa zonse popanda kukakamiza, dothi lozizira lonyowa, mapesi anawola kalekale kwangotsala timizere takuda, ndipo fungo lake ndi la m'dimba. Nditatulutsa dzanja madzi anayamba kutsetsereka pa mwala. Pambali pake tapezanso mauna a makoswe oyenda m'kati mwa khoma, ena aatali kuposa mkono, muli zikhokho za mtedza wa m'tchire. Mayi eni nyumba anaima pamenepo osayankhula, kenaka akuti nde chifukwa chake kabati ya m'chipinda chino imachita chuku chaka chilichonse.

Chinanso, kanjira kakunja anakathira tala kangapo konse, kuthira pamwamba pa kuthira, mpaka nthaka yakunja inakwera kukwirira miyala ya maziko. Ndiye madzi a mvula akagwa pa tala amadumphira pa dothi penipeni.

Izi zandikhudza chifukwa kwathu tikuchita zomwezi. Munthu wamanga ya zidina, wapeza kandalama, akuti ndipake simenti ioneke ya town, koma maziko ndi zidina zomwezo zoyambira pansi, denga la malata lathera pakhoma penipeni popanda khonde. Dzinja likabwera madzi amadya mmunsi, pulasitala amatupa n'kugwa chigamba chonse, nyumba ikagwa timati matope ndi osalimba. Ine ndaona ndi maso kuti dothi louma lanyamula denga zaka 500, ndipo dothi lomwelo litanyowa ndalikumba ndi zala. Ndalama ya simenti ija bola kugulira miyala ya maziko ndi kuwonjezera denga lituluke.

MEYI

Pomwe khoma likuuma tatembenukira mkati, ndipo mwezi uno ndi umene ndakondwa nawo kwambiri.

Kamangidwe ka nyumbayi ndi kamene kali ponseponse m'nyumba zakale za alimi a ku Devon. Pali kanjira kodutsa pakati kuchokera khomo lakumaso kukatulukira khomo lakuseri. Mbali imodzi ya kanjirako kuli chipinda chammunsi chomwe chinali cha ntchito ndi kusungira zinthu, mbali inayo kuli chipinda chachikulu chomwe banja lonse linkakhala, kuphika ndi kudyera, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda kena kamkati. Zipinda zitatu basi zondondozana, nyumba yayitali koma yopapatiza. Cholekanitsa kanjira ndi chipinda chachikulu si khoma ayi, ndi matabwa a oak oimika, lonenepa kenako lopyapyala lolowa m'mphako za lonenepalo, choncho mpaka kumapeto, akuda bii, ndipo zizindikiro za kasemasema zikuonekabe. Amenewa taakuta ndi mabulangete ndi mapulayi kuti wilibala isawagunde. Ku Dartmoor kumapiri uko kuli nyumba zina zomwe chipinda chammunsicho chinali khola, ng'ombe ndi anthu kulowera khomo limodzi, ina yotchuka ndi Higher Uppacott yomwe ili mu Grade I, koma zimenezo ndi za miyala.

Nde tinakwera kudenga kudzera pa kabowo ka siling'i, ine ndi mayi wina wa ku khonsolo amene amayang'anira nyumba zakale. Titayatsa tochi, chilichonse chakuda. Mapaso akuda, timitengo topingasa takuda, udzu wapansi weniweni wakuda ndi mwaye wokhuthala wonyezimira, ndendende denga la khitchini ya agogo kumudzi. Ine ndinazindikira pompo mayiwo asanafotokoze. Nyumbayi pomangidwa inalibe chumuni komanso inalibe chipinda chapamwamba, moto ankasonkha pansi pakati pa chipinda chachikulu utsi n'kumakwera kukatulukira mu udzu. Cha m'ma 1500 ndi 1600 ndi pomwe anthu anayamba kuika machumuni ndi kuyala matabwa kupanga zipinda zapamwamba, nde denga lakuda lija linatsekeredwa mmwamba osakhudzidwanso. Kutanthauza kuti udzu umene ndimauwunika ndi tochiwo unamwetedwa ndi munthu zaka zoposa 500 zapitazo. Ngala zake zikadalipo, ndipo mayiwo anandionetsa timaudzu ta m'munda tomwe tinalowa nawo mu mtolo, masamba ake osathothoka. Akuti Devon ndiye ili ndi madenga ambiri otere kuposa dera lina lililonse ku England, chifukwa ofolera a kuno sachotsa udzu wonse, amangosenda wapamwamba wowola n'kufolera watsopano pa wakale. Anandiuza kuti achimwene apa musagwirepo olo ndi chala, mwaye umenewu ndi umene unachititsa kuti nyumbayi itetezedwe.

Mitanda yonyamula denga nayo ndi nkhani. Amati jointed cruck. Nsanamira ya oak imayambira mkati mwa khoma la dothi, imakwera n'kupindika kumtunda, pamenepo amailumikiza ndi phaso lalikulu lopita kunsonga, polumikizapo palibe msomali olo umodzi, ndi zikhomo za mtengo zokhazokha. Imodzi mwa nsanamirazi phazi lake lili mu khoma lonyowa lija ndipo lawola mmunsi. Sitichotsa yonse, kalipentala adula powola pokha n'kulumikiza oak watsopano.

Tapezanso ndowe za mileme. Kuno mileme yonse ndi yotetezedwa ndi lamulo, nde kunabwera katswiri kudzakhala panja madzulo ndi kamashini komvera kulira kwake, ndipo watsimikiza kuti ilimo. Miyezi yotentha ino ndi yomwe imabereka, choncho za denga zonse zaima mpaka chakumapeto kwa chaka, ndipo zidzafunika chilolezo chochokera ku Natural England, bungwe la boma loona zachilengedwe. Pulogalamu yasintha, tiyamba ndi makoma.

JUNI

Zochepa mwezi uno. Mvula yavuta, khoma likuuma mochedwa, talitchinga ndi matenti koma mosiya mpata kuti mphepo izidutsa. Taumba zidina zokonzera khoma. Simungatseke bowo lalikulu ndi matope aawisi chifukwa akamauma amanyala n'kulekana ndi khoma lakale, nde pamafunika zidina zouma kale. Zina tagula, zina taumba tokha ndi dothi lomwe linagwa pakhoma lomwelo, kuliphwanya, kunyowetsa, kuthira mapesi atsopano. Apa ndiye anzanga achizungu anangondisiyira chikombole.

JULAYI NDI OGASITI

Khoma lakumadzulo latha kumanga ndipo ndine wokhutira nalo.

Timachita chonchi: kusema dothi lofewa lonse mpaka tipeze lolimba, bowolo kulikonza kuti pansi pakhale fulati ndipo m'mbali mukhale ngati masitepe kuti zidina zilumane ndi khoma lakale, kuwaza madzi pang'ono, kenako kumanga zidina ndi matope a dothi lomwelo osefa, simenti olo supuni. Mzere womaliza kumtunda timakhomerera mpaka uthine kuti khoma lapamwamba likhalepo ndithu. Kachigawo kamodzi kakalimba nde timatsegula koyandikana nako. Ndi ntchito yofuna mtima, tsiku lina mumaweruka mutamanga malo ochepa kwambiri koma simungathamange, pamwamba panu pali matani a dothi. Mauna a makoswe tatsekamo matope okhuthala pokankha ndi ndodo. Mng'alu waukulu wa pakona tausoka, kusema timipata topingasa mng'aluwo motalikirana n'kulowetsamo zidina kuti zigwire mbali zonse ziwiri.

Kunja taswa tala yense wa m'mbali mwa nyumba ndi kutsitsa nthaka mpaka miyala ya maziko yaonekanso. Apa tinasamala, maziko a nyumba zimenezi ndi osazama, mukakumba kwambiri pafupi mumaifooketsa, nde ngalande taiika patali pang'ono, paipi yobowola pansi, miyala ya kwale pamwamba, madzi azitsetserekera kumunda. Simenti yomwe inali m'mipata ya miyalayo tachotsa n'kuikamo laimu.

Pochotsa mabodi omwe anatseka malo osonkhapo moto m'chipinda chachikulu tapeza fayapulesi yakale yaikulu moti munthu atha kukhala mkati, pamwamba pake mtanda umodzi wa oak, ndipo pambali mkati mwa khoma muli uvuni wa dongo wophikira buledi, chitseko chake chadongonso chikadalipo chongothyoka pakona. Mauvuni amenewa ankaumbidwa kumpoto kwa Devon, ku Barnstaple ndi Bideford, n'kumagulitsidwa athunthu, womanga amangoulowetsa m'khoma. Ankasonkha nkhuni mkati, ukatentha kuchotsa makala, kulowetsa buledi n'kumata chitseko. Ntchito inaima kaye mpaka a khonsolo adzaone, ndipo agwirizana ndi eni ake kuti usatsekedwenso.

Loweruka lina ndinapita ku East Budleigh kukaona Hayes Barton kuchokera panjira, nyumba yomwe anabadwira Walter Raleigh, mkulu wina wotchuka pa maulendo apanyanja m'mbiri ya England, m'zaka za m'ma 1550. Nayonso cob ndi udzu. Kuno nyumba zotere si za osauka, zimagulidwa modula kwambiri, ndipo mwini wake amanyadira. Kwathu munthu wogona m'nyumba ya udzu timamuwerengera pa umphawi, nde aliyense akuthamangira njerwa zootcha, mitengo ikuthera mu mauvuni. Sindikunena kuti anthu azigona modontha ayi, ya udzu wofolera mopyapyala yomwe imafuna kukonza chaka ndi chaka ndi yotopetsa ndipo ndikudziwa chifukwa chake mayi anga ankalakalaka malata. Komanso kuno kulibe chiswe, kwathu chiswe ndi nkhondo ina payokha. Koma luso lomanga ndi dothi tili nalo kale m'manja, chomwe timachita mwachidule ndi maziko ndi denga.

SEPUTEMBALA

Pulasitala. Tikugwiritsa laimu ndi mchenga, mosakaniza ubweya kuti asang'aluke. Laimu amalola chinyontho kutuluka ndipo ndi wofewa, khoma likasuntha pang'ono naye amatsatira. Koti yoyamba sitipaka ndi mpeni, timachita kuponya yamadzimadzi kuti imamatire pa dothi, khoma titaliwaza madzi kaye. Ikagwira nde koti yachiwiri, ndipo kapitawo wakaniratu kuwongola khoma ndi levulo, akuti tsatirani mmene khoma likuyendera, pomwe latupa patupe, makona akhale ozungulira mmene analili. Poyamba dzanja limafuna kuwongola lokha koma mukaima patali n'kuona mmene dzuwa likugwera pakhomapo mumavomereza kuti akunena zoona.

Laimu sauma ngati simenti, amalimba pang'onopang'ono pokoka mpweya, akauma msanga amafumbutuka. Nde tapachika ziguduli zonyowa kutsogolo kwa khoma, mmawa uliwonse kuwaza madzi. Tikuthamangitsana ndi nyengo chifukwa kukazizira kufika pansi pa madigiri 5 ntchito ya laimu imaima, chisanu chikaugwira wosalimba umagwa wonse. Amene mukufuna kuyesa, valani magalasi ndi magolovesi, laimu amawotcha khungu ndipo m'maso ndi zoopsa.

Pamwamba tipaka njereza yamadzimadzi ndi burashi yaikulu, makoti angapo opyapyala. Popaka imaoneka ngati simunapake kanthu, ikauma nde imayera.

OKUTOBALA

Ofolera afika, madala ena a zaka zoposa 60 ndi mnyamata wawo, ine andiika kuti ndiziwapatsira mitolo nde ndaonera pafupi.

Udzu wake si wa m'tchire, ndi mapesi a tirigu wa mtundu wautali, wina amati Maris Widgeon, amalimidwa dala chifukwa tirigu wa masiku ano ndi wamfupi ndipo makina okololera amauphwanya. Amaudula ndi makina akale omanga mitolo, kuuimika m'munda kuti uume, kenako kuudutsitsa m'mashini opesa omwe amachotsa njere ndi masamba osathyola phesi. Umabwera wowongoka, matsinde onse mbali imodzi. Anthu ambiri masiku ano amakonda bango lochokera kunja, ku Turkey ndi maiko a kummawa kwa Europe, poti limakhalitsa, koma pa nyumba iyi chilolezo chikuti tirigu pabwerere tirigu.

Asenda wapamwamba wowola okha mpaka apeza wouma wolimba, wakuda uja sanaufike n'komwe. Kenako amayamba mmunsi kukwera, kuyala mtolo matsinde kuyang'ana pansi, kupingasa kamtolo kena kopyapyala pamwamba, n'kukhoma ndi zikhomo za mtengo wa hazel. Kamtengoko amakang'amba, kusongola mbali zonse, nde amakapotokola pakati ndi manja n'kukapinda, sikathyoka chifukwa kapotoka, kakalowa mu udzu wakale kamafuna kutambasuka nde kamagwira zolimba. Madalawo amapotokola akucheza osayang'ana n'komwe. Ndipo amakhoma mopekera kumtunda pang'ono kuti madzi asatsate chikhomo kulowa mkati. Akatero amamenya matsinde ndi chithabwa chokhala ndi mano mpaka denga lonse lisalale, kunja kumangooneka nsonga za mapesi zokhazokha. Koti yatsopanoyo ndi yokhuthala pafupifupi masentimita 30, ndipo denga ndi lotsetsereka kwambiri, madigiri 45 kapena kuposa, dontho limangodumpha nsonga ndi nsonga mpaka pansi, mkati mumanyowa pang'ono pokha pamwamba. Ndinawafunsa kuti madala, limeneli likhala zaka zingati, akuti akalisamala 25 kapena 30, koma pansonga pomwe mbali ziwiri zimakumana pamafuna kukonza pakatha zaka 10 mpaka 15. Kusiyana ndi kwathu ndaona kuti ndi kutsetsereka ndi kukhuthala, madenga athu ambiri ndi ogona kwambiri nde madzi amakhazikika.

Pansonga apanga mosalala mopanda zokongoletsa, akuti ndi mmene a ku Devon amachitira kuyambira kale. Mipata yolowera mileme yasiyidwa malo omwe katswiri uja anaika chizindikiro.

Za moto timakamba tsiku ndi tsiku, palibe kusuta pa sikafodi, palibe kudula chitsulo pafupi. Crediton yomweyi inapsa mu 1743, nyumba zoposa 400 zinathera pamoto umodzi. Masiku ano moto wambiri wa madenga a udzu umayambira pa chumuni makamaka pomwe aika mbaula zachitsulo zotentha kwambiri zija. Popeza udzu wakhala ukuwonjezeredwa zaka zonsezi denga linakwera, chumuni n'kutsala chachifupi, ndipo malangizo amati chitalike mamita 1.8 pamwamba pa udzu. Tapempha chilolezo chowonjezera njerwa, tikudikira yankho.

NOVEMBALA

Denga latha, aika waya wotchinga mbalame pansonga, sikafodi yatsika mbali yakumaso. Njereza tapaka makoti atatu, otsalawo adikira chaka chamawa chifukwa usiku kwayamba kuchita chisanu. Khoma lakumadzulo talikuta ndi ziguduli zouma kuti lidutse nyengo yozizira.

Mkati mwa chipinda chija chinyontho chikutsika koma pang'onopang'ono, khoma lonenepa chonchi limatenga miyezi yambiri, nde tawauza mayi eni nyumba kuti asayatse hita mwamphamvu pofuna kuumitsa msanga, dothi lingang'aluke, ndipo kabati aisunthe isagunde khoma. Pulasitala wamkati mmenemo sitipaka mpaka liume.

Zotsala: chumuni ngati chilolezo chituluke, mawindo awiri akumaso omwe kalipentala wapita nawo kukalumikiza matabwa mmunsi mowola, pansi pa chipinda chammunsi pomwe pali konkire yomwe tikuganiza kuti ikukankhira chinyontho kumakoma, ndi khoma lakummawa lomwe nalonso lili ndi simenti koma tikaligogoda likumveka lolimba. Limenelo tidzatsegula kachigawo kamodzi mu Epulo tione kaye mmene mulili tisanapange chiganizo.